Marodi Awiri a Abambo

Rodi ya Duu itakwera m'mwamba, mkulu wawo sanadikire kuti aone kumene itsikire. Anam'gwira Duu pakhosi n'kumuwombetsa kukhoma, chithunzi cha malemu abambo awo n'kugwa pansi, galasi phwaa. Kenaka chibakera pakamwa, china padiso. Duu, munthu wamkulu wa ndevu zake koma wosalankhula chibadwire, sanabwezere. Anangokumbatira pachifuwa rodi yakeyo, kandodo kachitsulo kowotcherera, magazi akudonthera pamalaya.

"Achimwene, mupha munthu!" anakuwa mlongo wawo, akuwakoka lamba.

Mkuluyo anam'kankha ndi chigongono, iye n'kukagwera pa mpando.

Abambo awo anali ataikidwa m'manda kumayambiriro kwa sabata yomweyo. Anali owotcherera zitsulo, ndipo zaka zonsezi ankakhala awiriwiri ndi Duu. Mkuluyo, dalaivala wa malole, ankabwera mwa apo ndi apo, nthawi zambiri osazimitsa n'komwe injini. Mlongoyo anali telala mu mzinda wina wakutali. Choncho za mmene tsiku linkayendera m'nyumbamo, palibe ankadziwa. Tsiku limene anafika pamaliro, dalaivalayo anakhoma chipinda chogwiriramo ntchito cha abambo ndi loko wake, ati abale ena akabwera kudzalira, maso amalira koma manja amagwira ntchito. Kiyi anaponya m'thumba la buluku.

Mavuto anayambira pomwepo. Madzulo aliwonse, dzuwa likangofika pachitseko chokhomacho, Duu ankayamba kuchimenya. Poyamba ndi zikhatho, kenaka ndi mapazi, kenaka ndi mutu. Azakhali awo amene anabwera kudzapepesa maliro atayesa kumuletsa anawaluma dzanja, iwo n'kulongedza tsiku lomwelo, chipepeso cha malirocho n'kuthera panjira. Lero ndiye anachita kuswa zenera la chipindacho ndi chibakera, n'kupisa mkono wong'ambika m'katimo, n'kusolola rodi imodzi. Analowa nayo pabalaza ali wefuwefu, n'kuikweza pamaso pa mkulu wake.

Dalaivalayo anam'khwekhwereza mpaka kuchipinda, n'kumumangirira pabedi ndi zingwe zomangira katundu palole. Anakoka mfundozo ngati akumanga matumba a simenti. Atatuluka anauza mlongo wake kuti nkhani yatha, mawa m'mawa amukweza m'lole kukam'siya kuchipatala cha amisala. Telalayo anadziwa tanthauzo lake. Munthu wosatha kunena ngakhale dzina lake akalowa kumeneko, ndani adzam'tulutse? Mtima unamuwawa koopsa, ndipo ananena poyera kuti mng'ono wawo sapita kulikonse.

"Umutenga iwe? Azikakuswera makasitomala mitu?"

Telalayo anayankha kuti Duu sanamenyepo munthu abambo ali moyo, ndiye pali chimene akufuna m'chipindamo. Dalaivalayo anaseka kuseka koipa. Anavula malaya n'kumutembenuzira msana. Mizere yakalekale inali ikadalipo, yotuwa, yopingasana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Akufuna ichi. Ntchito ya rodi m'nyumba muno ine ndimaidziwa. Wangotengera kwa mwini wake, abambo."

Telalayo sanatsutse, popeza mabalawo ndiye ankawatsuka ali mtsikana. Koma kuchipinda kuja bedi linali kugunda pansi, gu, gu, ndipo Duu ankabuula ngati ng'ombe. Telalayo anapempha kiyi uja mwaulemu. Anam'kaniza. Anapemphanso, akumutchula mkulu wakeyo bambo wa nyumba ino, koma ayi ndithu. Apo ndiye anatulutsa sizasi yake yodulira nsalu m'chikwama. Asa, mkazi wofatsa uja! Anagwira thumba la buluku la mkulu wake n'kulidula kamodzi n'kamodzi, nsonga ya sizasiyo n'kukanda ntchafu. Kiyi anagwa pansi. Dalaivalayo anam'menya mbama yoti khutu linalira, koma iye anali ataponda kale kiyiyo, sizasi ili m'manja, maso ali psuu.

"Ndimenyeninso, achimwene. Muike maliro awiri sabata imodzi."

Dalaivalayo anabwerera m'mbuyo, akuyang'ana magazi pantchafu pake.

M'chipindamo munkanunkha chitsulo chopsa ndi girizi. Kuseri kwa makina owotcherera, kumene munthu woima pakhomo sakanaona, kunali mipando iwiri yoyandikana, ina yobooka pakati chifukwa chokhalidwa. Kutsogolo kwake kunali wailesi yakanema yakale yovindikiridwa ndi chinsalu, pansi pake deki yoonetsera makaseti a kanema, kaseti ili kale m'kati. Chikuto cha kasetiyo chinali pambali, chofwifwa, cholembedwa m'Chitaliyana.

Telalayo anachitembenuza m'manja, n'kuchikumbukira. Abambo anapatsidwa kasetiyo ndi bwana wawo wa ku Italy pamene fakitale imene anaphunzirirako ntchito inkatsekedwa. Iye ndi abale akewo anaionera kamodzi kokha ali ana. Tsiku limenelo mkulu wawo, akuseka mpaka kugubuduka, anagunda kapu ya madzi n'kuthira deki. Mizere yambiri ya pamsana ija inali ya tsiku limenelo, ndipo kasetiyo sanaionenso.

Telalayo anadina batani. Chithunzi chinanjenjemera, kenaka chinakhazikika. Anali makatuni ojambula pamanja, opanda mawu ngakhale amodzi, nyimbo zokhazokha za azungu akale, za mavayolini ndi malipenga. Kamunthu konenepa ka mphuno ngati nthochi kanakwera pabokosi patsogolo pa oimba, n'kukweza kandodo. Katatsitsa, mavayolini anayamba pansipansi, ndipo zipewa zonse za mu mzinda wojambulidwawo zinavuka pamitu ya eni ake n'kuyamba kuguba mumsewu, eni ake akuzithamangira ndi madazi awo.

Kuchipinda kuja bedi linasiya kugunda.

Telalayo anapita ndi sizasi yake n'kudula zingwezo. Zinali zitalowa m'mikono mpaka kusupula khungu. Duu anadzuka, mlomo uli chotupa, diso limodzi litatsekeka. Anatola rodi yake pabalaza paja n'kulunjika kumene kunkachokera nyimbo. Dalaivalayo anali ataima pakhomo la chipindacho, sipanala yaikulu ili m'manja, ndipo anachenjeza mlongo wake kuti ikangokweranso rodiyo, amuphwanya mkono Duuyo.

Duu anam'lambalala ngati akulambalala mpando. Anakaima kutsogolo kwa wailesiyo, n'kuwongola msana, n'kukweza rodi.

Sipanala sinakwere. Chimunthu chonse chija, choyendetsa malole usiku ndi usana m'misewu ya achifwamba, chinanyutuka n'kubisa mutu ndi mkono, maso chitatsinzina. Chinadikira. Palibe chinagwa pamsana pake. Chitatsegula maso, rodiyo inali ikutsika pang'onopang'ono pamodzi ndi mavayolini, n'kukhotera kumanzere, n'kukweranso. Malipenga asanalowe, Duu anali atawaloza kale. Ng'oma isanagunde, phewa lake linali litakonzeka. Ankaidziwa nyimboyo mpaka popumira pake, ndipo zipewa zija zitagwera mumtsinje, anaseka ndi mlomo wong'ambikawo, magazi n'kuyambanso kutuluka.

Telalayo analira osabisa. Dalaivalayo anatsitsa mkono wake. Manyazi anam'gwira, komanso mkwiyo, poti sanadziwe woti akwiyire. Ananena motsitsa mawu kuti iyeyo kasetiyi anailipira ndi msana, wina n'kumaionera tsiku ndi tsiku atakhala pampando.

Nyimbo yoyamba itatha, Duu sanakhale pansi. Anayang'ana mpando wobooka uja. Kenaka anapisa dzanja m'chitini chimene chinali pansi pake, n'kutulutsa rodi ina. Iyi inali yakale, yosalala pogwirira mpaka kuwala. Kunsonga kwake anavekako kachidutswa ka paipi ya labala, n'kukulunga ndi tepi mosamala, kuzungulira kambirimbiri, kuti isabaye kapena kukanda munthu. Makulungidwe ake anali a abambo, aliyense wa iwo akanawazindikira.

Anaitambasulira kwa mkulu wake.

Dalaivalayo anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaika sipanala pansi. Osatembenuka, anauza mlongo wake kuti loko uja amuchotse pachitseko, akam'ponye m'lole. Ndiye anailandira rodiyo, koma anaigwira mmene ankaidziwira, chofumbata, ngati chokwapulira.

Duu anapukusa mutu. Anagwira dzanja lomwe linam'tupitsa diso lija, n'kufumbatula zalazo chimodzichimodzi mpaka rodiyo inatsala pakati pa chala chachikulu ndi chinzake. Anaima kumbuyo kwake, chibwano chili paphewa la mkulu wake, monga mmene abambo ankaimira kumbuyo kwa iye. Kamunthu ka mphuno kaja katakweranso pabokosi, Duu ananyamula mkono wa mkulu wake m'mwamba, n'kudikira mavayolini, n'kuutsitsa pang'onopang'ono.