Lamulo la Njira Imodzi

Masana onse foni ya mayi wamakina inkangolira n'kuduka. Mchimwene wake anali kuchipatala chakutali, pambali pa bedi la bambo awo, ndipo mauthenga olemba ankafika bwinobwino: "Achemwali, akufuna akuoneni nkhope. Mawu ayamba kuchepa." Koma akaimba ya vidiyo, chithunzi chinkauma chisanayambe n'komwe.

Chowawa n'chakuti intaneti ya chipatalacho inkadutsa m'manja mwake momwemo, m'kachipinda kozizira ka pakampani ya intaneti imene ankagwirako ntchito, mafani akulira, mawaya ali balala pansi. Matenda a intanetiwa ankawadziwa. Uthenga umayenda m'maphukusi, ndipo njira ikachepa, ang'onoang'ono amadutsa koma akuluakulu amatsakamira. Anatsegula kenelo, mtima wa kompyuta yaikulu ya m'kachipindamo, n'kuchepetsa maphukusi pa lamulo lolamulira njira zonse.

"Mlamu, mwachedwetsa tauni yonse chifukwa cha foni imodzi?" anafunsa Wandevu, mnzake wa pantchito.

"Akadandaula muwauze kuti ndine."

Anaimbanso. Chithunzi chinauma ngati poyamba. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Kenelotu ili ndi khalidwe lake: njira imene yapatsidwa lamulo lakelake simvera la onse, ngakhale ulikuwe chotani. Mayiyu anaunika njira imodziimodzi. Zonse zinkatsata lamulo la onse kupatula ya kuchipatala, imene inali ndi lake, la maphukusi akuluakulu, lokhomedwa kuti lisasinthe.

Sanafunse kuti analemba ndani. Malemu mwamuna wake ankakhala pampando womwewo, ndipo chaka chimene bambo anagonekedwa koyamba, njirayo ikadali yatsopano ndi yotakata, iye anabwera kunyumba akudzitama kuti tsopano apongozi azioneka ngati ali pabalaza. Kenako njira inasinthidwa n'kuchepa, mwini lamulo atapita kale. Zina zonse zimene malemuyo analemba, anzake anazifufuta pokonza makina. Kamzere aka kokha ndi kamene kanatsala kakugwirabe ntchito.

Chala chinaima pamwamba pa batani lofufutira. Anakawerenga, n'kukawerenganso, mtima ukumupweteka ngati maliro ndi adzulo. Ankadziwa kuti nthawi palibe, koma dzanja linakana.

Wandevu anasuzumira, n'kuzindikira. Anavula chipewa.

"Mlamu, fufutani. Akanakhalapo akanafufuta yekha."

Anafufuta.

Foni inalowa nthawi yomweyo, chithunzi chili mbee, mpaka ulusi wa katani unkaoneka. Mchimwene wake anali ataima pakhonde la wodi, maso ali psuu. Kumbuyo kwake nesi ankatulutsa mtengo wa diripi, akuukankha mosafulumira.

"Tembenuza foni ndiwaone," anatero mayiyo.

Mchimweneyo sanatembenuze. Anapukuta mphuno ndi mkono wa shati.

"Atisiya pompano, achemwali. Amangofunsa ngati mwalowa. Ndiye ndinawaikira foni pamaso, ili yakuda choncho, n'kuwauza kuti mukuwaona."