Fungo la Adyo kwa Jinal

Ife a chipembedzo cha Jain sitidya adyo, ngakhale anyezi salowa m'khitchini mwathu. Ndiye tangoganizani mmene mtima wanga unagundira titamutulutsa Jinal m'chipatala muno mu Surat, mpweya wake ukununkha adyo galimoto yonse.

Jinal ndi mwana wamkazi wa mchimwene wanga Rasik. Atakomoka kuntchito, madokotala anapeza mitsempha ya magazi yopiringizana muubongo wake, yoti ikhoza kuphulika tsiku lililonse. Analowetsa kapaipi kowonda ngati ulusi kuchokera m'mphechepeche mpaka m'mutu, n'kuthiramo mankhwala amadzimadzi amene amakauma n'kutseka mitsemphayo. Anatseka theka lokha, theka lina anati mwezi wa mawa. Namwino anatichenjeza kuti madzi osungunulira mankhwalawo amatuluka ndi mpweya ngati adyo, koma ndani anamvetsera? Tonse tinali pa misozi ya chimwemwe.

Vuto linali loti Rasik anabisa zonsezi kwa akuchimuna, kumene Jinal amati akakwatiwe. Anawauza kuti mwana wadwala chimfine, poopa kuti ukwati ungathe. Ndinamuuza kuti ndi uchitsiru, iye n'kundiyankha kuti ndisamale zanga.

Madzulo omwewo, ndi awa pakhomo: Mayi Vasanti ndi mwana wawo Parshva, chibwenzi cha Jinal, adzaona wodwala. Ndinamutafunitsa Jinal timbewu tonunkhira, ndinafukiza lubani nyumba yonse mpaka kutsokomola. Sizinathandize.

Jinal anawerama movutikira kukhudza mapazi a apongozi akewo. Mayi Vasanti anamugwira mutu kumudalitsa, dzanja n'kuuma pomwepo atamva fungolo.

"Bambo Rasik," anatero motsitsa mawu, "m'nyumba muno mumaphika chiyani?"

Rasik anayang'ana pansi.

"Mutikhululukire, mayi. Anzake a kuntchito anamudyetsa zakunja osadziwa. Asala kudya, alapa."

Mwamuna wamkulu ndi imvi zake, kusemera mwana wake tchimo! Ndinkafuna kumukhoma ndi thireyi.

"Atsikana a masiku ano," anadandaula Mayi Vasanti. Koma nkhope inayamba kumasuka, ndipo anatambasula dzanja kutenga kapu ya tiyi. Ndinapumirako.

"Sindinadye adyo, amayi."

"Jinal, khala chete!" anakalipa Rasik.

"Ayi, ababa. Mwezi wa mawa ndidzanunkhanso chimodzimodzi, mudzati ndadyanso?"

Anafotokoza zonse: kukomoka, mitsempha, kapaipi, theka lotsala. Sanasiye pakati. Ndinamunyadira, ndiponso ndinachita mantha zedi.

Mayi Vasanti anabweza kapu pa thireyi osamwako.

"Ana adzabereka?"

"Adokotala akuti akachira..." ndinayamba ine.

"Akachira." Anaimirira n'kukonza nsalu yawo ya sari. "Mwanangu, akanakhala adyo tikanakhululuka. Parshva, tiye."

Jinal sanayang'ane mayiwo, anayang'ana Parshva. Tonse tinamuyang'ana. Mnyamata uja anadzuka kupita pakhomo kukavala nsapato zake.