Mwendo wa ba Langson

Lachisanu pa 9 Ogasiti 2019, ba Langson, wootcha nyama ya mbuzi pamsika wa pa siteshoni ya Rufunsa, anagwa pambali pa mbaula yawo, mpweya ukuwathawa.

Chaka chapitacho anawauza ku kiliniki kuti mafuta m'magazi mwawo, kolesitolo, achuluka. Mapilisi anamwa mpaka botolo loyamba litatha, n'kuleka. Panalibe chowawa. Zonona zimene makasitomala ankakana ankadya okha.

Kumayambiriro kwa Ogasiti mwendo wamanzere unatupa katumba. Akazi awo, ba Salome, anachita zimene aliyense pamsikapo amachita. Anatuma kondakitala wa minibasi kukatunga madzi pa kasupe wotentha wa ku Chinyunyu, n'kumawatenthetsanso, kumathowa mwendowo ndi kuusisita mwamphamvu m'mawa uliwonse.

"Mukundikanda ngati ufa wa vitumbuwa, amake Delight," ankadandaula ba Langson.

"Khalani chete. Nyama ya eni mumaitembenuza tsiku lonse, yanu mukulira nayo."

Atagwa, anawatengera ku chipatala cha Mpanshya. Dokotala wamkazi, ba Nkandu, anagwira katumbayo, n'kufunsa amene wakhala akuusamala mwendowo.

"Ndine," anatero ba Salome. "Sindinadumphe tsiku."

Ba Nkandu anapukuta kumaso, n'kukhala pa benchi.

"Amayi, mumtsempha umu magazi anaundana. Chibuluma chotere sitisisita. Chimatha kuthothoka n'kukatseka m'mapapo."

"Magazi amaundana munthu akadzicheka. Iwowa sanadzicheke."

"Mafuta akachuluka, maselo oyera a m'magazi, aja otiteteza ku matenda, amatha kuyambitsa kuundana popanda bala. Ofufuza akali kuziphunzira. Mwina zinathandizira, pamodzi ndi zina."

Ba Salome anayang'ana zikhatho zawo.

"Ndiye ndi mafuta, kapena ndi manja angawa?"

"Chimathothokanso chokha. Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa."

Ba Langson anabayidwa jakisoni woletsa magazi kuundana. Loweruka ambulansi inawapititsa ku Lusaka, kumene kuli makina ounikira m'mapapo. Ba Salome anatsala kuti mbuzi yophedwa kale isaonongeke. Anaiotcha okha, zonona n'kuponyera agalu. Chigubu cha madzi a ku Chinyunyu chinali pansi pa tebulo, chosatha.

Lolemba mlamu wawo Derrick, amene anaperekeza wodwalayo, anaimba foni. Ba Langson anali pa okosijeni, akulankhula pang'ono. Pamzere wa makina ounikira aja, nthawi yawo inali isanakwanebe.