Kabowo ka Pachivindikiro cha Thanki

Galimoto ya bambo ndi yakale kuposa ine, ndipo mayi amaitchula kuti mkazi mnzawo. Mayi atagonekedwa m'chipatala ndi mwendo wothyoka, nayonso inayamba kudwala. Pakhomo inkalira bwinobwino, pageti inkatuluka monyada, koma ikangoyenda kamtunda inkayamba kutsokomola, n'kuzima pakati pa msewu.

Achemwali anga, amene kwathu mawu awo ndi lamulo, anagamula mlandu pafoni. "Galimoto ilibe vuto. Mwendo wa bambo ndiwo watopa pa kilatchi. Ikapitiriza kuzima, uwalande makiyi."

Zinandiwawa. Munthu amene anatiphunzitsa tonsefe kuyendetsa, ine ndikamulande makiyi ngati mwana wogwidwa ndi machesi? Chonsecho bambo anali atalonjeza mayi kuti tsiku lotuluka adzawatenga okha, pa galimoto yomweyo.

Ndinaitana amakanika a pakona, bambo amimba yaikulu amene galimoto zamakono amati ndi zidole. Anasintha fyuluta ya petulo. Inazimabe. Anatsuka kabuleta, anauzira mapaipi mpaka masaya kutupa, anagunditsa khutu pa pampu. Pagalaja pawo inkalira mosalakwitsa, koma ikabwerera kwa bambo, matenda omwe aja.

"Imeneyi ikundichita chipongwe," anatero amakanika. "Akulu, yendetsani nokha, ine ndikhale pambali ndione."

Tinanyamuka, ine kumbuyo. Titangodutsa sitolo ya matayala, inatsokomola n'kuzima. Bambo anandiyang'ana pagalasi, ndipo ndinadziwa kuti za makiyi zija anazimva kale.

"Musavutike," anatero. "Ndimadziwa kuinyengerera."

Anatsika, anaisisita padenga, anainong'oneza zawo zachinsinsi, kenako anatsegula chivindikiro cha thanki kuti asuzumire ngati petulo alimo. Panamveka kuti psii. Anatseka, anakwera, anapotokola kiyi, injini n'kudzuka.

"Mwaona? Imangofuna ulemu."

"Ulemu imaufunadi," anatero amakanika akutsika, "koma ikufunanso kupuma."

Anamasula chivindikiro chija n'kuchitembenuza padzuwa. Anatifotokozera kuti petulo akamatuluka m'thanki, mpweya umayenera kulowa pa kabowo kakang'ono ka pachivindikiro. Kabowoko kakatsekeka, pampu imayamwa mpaka kulephera, injini n'kufa ndi ludzu thanki ili yodzaza. Bambo akatsegula kuti asuzumire, mpweya unkalowa, iwo n'kumati ndi mawu awo okoma aja.

Amakanika anatokosa kabowoko ndi kawaya, ndipo munatuluka zoyera zoumirira. Ananunkhiza.

"Polishi uyu. Akulu, galimotoyi mumaipukuta kangati?"

"Mwa apo ndi apo."

"Bodza, bambo," ndinaseka ine. "M'mawa ali pagalimoto, madzulo ali pagalimoto. Ndi chivindikiro chomwe amachipaka ngati nsapato ya ukwati. Chigonekedwere mayi..."

Ndinalekera pomwepo. Bambo anatulutsa kansanza kawo m'thumba, anakapinda, anakapindanso.

"Nanga ndizitani?" anatero. "M'nyumba muja mulibe wondikalipira. Ndikakhala pansi ndimangoyang'ana mpando winawo."

Amakanika anayamba kufunafuna sipanala imene inali m'manja mwawo. Ine ndinachita manyazi kuti masiku onsewa ndinkayang'ana galimoto, osayang'ana mwini wake.

Tsiku lotulutsidwa mayi, bambo anayendetsa okha mpaka pakhomo la chipatala, osazima ngakhale pamaloboti. Achemwali anali pomwepo, ndipo za makiyi sanazitchule. Mayi anatuluka ndi ndodo zawo, anaima, anayang'ana galimoto ikunyezimira. Kenako anayang'ana bambo, amene anali ataonda mpaka kuboola kabowo kena katsopano pa lamba kuti thalauza lisagwe.

"Mkazi mnzanga mwamusamala, wachita kuwala," anatero. "Nanga mwamuna wanga amamusamala ndani? Tsegulani chitseko, bambo, tizipita kwathu. Ndili ndi zambiri zoti ndikukalipireni."