Mawu a pa Wailesi Omwe Anagwetsa Mtengo

"Alamu, musandikwiyire, koma anthu akuti mumangopeka."

Nery Pinelo ananena zimenezi atatsamira mulu wa nsalu m'shopu ya Herminia Zetina, mumsika wa ku Santa Elena. Nery anali mng'ono wa malemu mwamuna wa Herminia, ndipo ankagwira ntchito pa wailesi ya m'deralo. Chaka chilichonse, Disembala akamapita kumapeto, ankapatsa mlamu wakeyo mpata wowerenga pa wailesi zomwe walemba zokhudza nyama ndi mbalame zomwe waona m'chakacho. Herminia ankagulitsa nsalu, koma mtima wake unali m'nkhalango. Lamlungu akangotuluka m'tchalitchi ankavala nsapato zamphira n'kulowera kutchire, ndipo pobwerako ankakhala pansi n'kulemba.

"Akunena ndani?" anafunsa Herminia.

"Aliyense, ngakhale wometa tsitsi wa mumsika muno uja. Akuti chaka chatha munaona nyalugwe, ndiye chaka chino tiyembekezere njovu."

"Nyalugweyo ndinamuona ndi maso angawa."

"Ine sindikukana. Koma nkhani zanu zilibe adiresi, alamu. 'Penapake m'nkhalango, pansi pa mtengo wina.' Mtengo uti? Kuti? Wonena zoona amatchula malo. Tchulani malo, muwatseke pakamwa."

Mawuwa anamulasa Herminia, makamaka chifukwa chaka chimenecho anali ndi nkhani yoposa zonse. Mu Epulo anapeza zinkhwe ziwiri zofiira, zazikulu zija za michira italiitali, zikulera ana m'mphako ya mtengo wakale. Ali mwana, zinkhwe zotere zinkadutsa m'magulu pamwamba pa munda wa bambo ake, phokoso lake logonthetsa m'khutu. Tsopano munthu ankatha zaka osaona n'chimodzi chomwe. Choncho atakhala pansi kulemba, analemba zonse: njira yopatuka pa msasa wakale wa odula mitengo, dziwe lomwe silimauma, kaphiri ka miyala yoyera, ndi mtengowo, womwe unapsa mbali imodzi ndi mphezi.

Asanapite ku wailesi anakaonetsa zolembazo kwa mnzake, Dokotala Araceli Burgos, yemwe ankasamalira nyama zolandidwa kwa anthu ozembetsa. Dokotalayo anawerenga mwakachetechete, kenako anaika chala pa ndime imodzi.

"Iyi muichotse, Doña Herminia."

"Imeneyo ndiye ndime yokoma kuposa zonse!"

"Ndi yokomadi, n'chifukwa chake ndikuiopa. Ine kumeneko sindinafikeko, koma nditaitsatira ndingakafike popanda kufunsa munthu. Zinkhwe zimabwerera pa mphako yomweyo chaka ndi chaka. Ndipo wailesi ilibe mpanda. Okonda mbalame amamvera, ogulitsa mbalame amamveranso."

Herminia anavomera, n'kukhwatcha ndimeyo ndi cholembera.

Koma pa tsikulo, Nery pomulandira pa wailesi anaseka n'kunena kuti, "Okondedwa omvera, siyani kaye miphika ya tamale, chakudya chathu cha chimanga chija, wafika mayi wathu wa nthano!" Herminia anamva kutentha kumaso. Atafika pa ndime yokhwatcha ija, mawu ake ankaonekabe bwinobwino pansi pa mzere. Anawerenga onse, osasiya ngakhale mphezi.

Anthu anayamikira kwambiri. Wometa uja anabwera yekha kudzapepesa, ndipo amayi ogula nsalu ankati pomvera ankachita ngati akuyenda naye limodzi m'nkhalangomo.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina mu Meyi, dzuwa lili paliwombo, m'shopu munalowa bambo wina wa chipewa cha mlaza atanyamula katoni ya sopo yoboolaboola. Anavula chipewa mwaulemu.

"Ndinu Doña Herminia a pa wailesi? Ine ndine Lencho. Mayi wanga, mumalemba inu! Mkazi wanga analira tsiku lija. Ndiye ndinati, mayi amene amakonda zinkhwe chonchi, n'kulakwa kuti akhale opanda chawochawo."

Anatsegula katoniyo. M'katimo munali kamwana ka chinkhwe, nthenga zofiira zitangoyamba kutuluka, thupi lina lonse lili lambulanda. Phiko limodzi linali lendee. Kukamwa kwake kunali mtanda wa chimanga wouma, womwe ankakadyetsa.

Herminia anatembenukira kwa Lencho. "Mwakatenga kuti?"

"Aa, mukufunsanso? Komwe munanena kuja. Simunaphonye n'pang'ono pomwe, mpaka mphezi ija. Koma mtengowo unali wofumbwa, wosakwereka, ndiye tinangoudula. Tiana tinalimo titatu. Kamodzi kanafa pogwa, kena kanapita kale ndi bwana wina. Aka ndasungira inu, mtengo wachibale."

Nery, yemwe anali atabwera kudzadya nkhomaliro kwa mlamu wake monga mwa chizolowezi, anasiya tortiya, chikondamoyo chopyapyala cha chimanga, m'mbale. Anamukokera Herminia kuseri kwa nsalu n'kunong'oneza kuti, "Kaguleni, alamu. Mpatseni zomwe akufuna azipita. Mukapulumutse kamwanaka, zinazo tiona."

Herminia anali atatsegula kale kachikwama ka ndalama, koma anayamba waimbira dokotala.

"Musagule," anatero Dokotala Araceli. "Ndikudziwa kuti mtima ukuwawa, koma mukagula kamodzi mwalipirira nkhwangwa ya chaka chamawa. Muzicheza naye, ndikubwera ndi alonda a nkhalango."

Lencho sanali wogona. Ataona foni m'manja mwa Herminia anavala chipewa chake. "Ndimayesa ndinu munthu wabwino," anatero mokhumudwa zenizeni. "Ana anga sadya nthenga, mayi. Katengeni, n'kakufa kale." Anasiya katoniyo pa nsalu n'kusowa m'chikhamu cha anthu.

M'mawa mwake Herminia anatsogolera alonda awiri kumalo kuja. Anadutsa msasa wakale, dziwe, ndi kaphiri ka miyala yoyera, chilichonse chili monga anachilembera. Pomwe panali mtengo panali kuwala kwa dzuwa kokhakokha. Thunthu linali gone pansi, mphako itang'ambika pakati, nyerere zili piringupiringu.

Kenako anamva kulira. Zinkhwe ziwiri zija zinatulukira pamwamba pa mitengo, zinazungulira, n'kutsika molunjika pomwe panali mphako. Zinatambasula miyendo kuti zitere, koma panalibe poti n'kutera. Zinakupiza mapiko pamalo opanda kanthupo, zinakweranso, zinazungulira, n'kubweranso pomwepo. Mlonda wina anavula kapu yake. Pomwe anthuwo ankabwerera, zinkhwezo zinali zikuchitabe zomwezo.

Kuchokera tsiku limenelo, kulira kuja kunamutsatira Herminia mpaka kumsika. Wogulitsa nsalu amadula pang'ono ndi sizasi kenako n'kung'amba ndi manja, ndipo Herminia anali atachita zimenezi kwa zaka zambiri osaganizapo kanthu. Koma tsopano akati ang'ambe, nsaluyo inkalira ngati chinkhwe. Tsiku lina anaponya nsalu pansi pamaso pa kasitomala n'kutuluka panja. Anayamba kudula ndi sizasi kuyambira uku mpaka uko, pang'onopang'ono, koma mashopu oyandikana nawo ankang'ambabe, ndipo tsiku lonse msika unkamveka ngati pamalo paja. Anasiya kulemba. Nsapato zamphira zinachita nkhungu kuseri kwa chitseko. Anawonda, moti amayi anzake anayamba kufunsana ngati akudwala.

Nery naye nthabwala zinamuthera. "Ndinakukankhani ndine, alamu," anatero tsiku lina. "Pakamwa pangapa m'pofunika loko."

"Munandikankha, koma anawerenga ndine," anayankha Herminia. "Chaka chino mupeze wina. Ine ndathana nazo."

Nery anakauza dokotala, ndipo dokotalayo anabwera yekha kudzamutenga Herminia pa galimoto yake. Kumalo osungira nyama kuja anamulowetsa m'chikhola chachikulu cha waya. Pa nthambi yam'munsi panali chinkhwe chofiira ngati moto, chikuswa mtedza ndi mlomo. Phiko lake lakumanzere linali lokhota.

"Ndi kamwana kaja," anatero dokotalayo. "Kanalimba. Koma fupa linalumikizana molakwika, sikadzauluka. Mbalame zimenezi zimakhala zaka zambiri, mwina kadzatiika m'manda tonsefe kali pa nthambi yomweyi."

Herminia anaphimba nkhope ndi manja. "Ndiye mwandibweretsa kuti ndidzaone ntchito ya manja anga?"

"Ndakubweretsani kuti mudzakalembe. Kukhala chete kwanu sikudzutsa mtengo uja, Doña Herminia. Anthu omwe amasunga zinkhwe m'nyumba sadziwa kuti chimodzi chikafika pakhonde pawo, zinzake zambiri zafera m'makatoni ndi pansi pa mitengo. Ine ndikawauza amati ndi zonena za a boma. Inu mukawauza amalira. Vuto silinali kulemba. Lembani za mtundu wa nthenga, za kulira kwake, za mmene mtima unagundira. Koma malo, njira, ndi mwezi womwe zimaswa, zimenezo muziuza alonda okha. Ngakhale chithunzi, musanachitumize pa foni, muziona kaye ngati sichikuonetsa phiri kapena mtsinje womwe munthu angauzindikire."

"Nanga akanenanso kuti ndikupeka?"

"Anene. Kuli bwino akutcheni wabodza mbalame zili moyo."

Lamlungu lotsatira Herminia anapukuta nsapato zija. Sankayendanso yekha. Ankapita ndi alonda, ndipo zomwe waona ankayamba wauza iwo. Chaka chisanathe anaonanso zinkhwe ziwiri kudera lina. Sanadziwe ngati zinali zomwe zija.

Disembala atafika, Nery anamulandira pa wailesi popanda nthabwala. Herminia anawerenga za katoni ya sopo, za mtanda wouma kukamwa kwa kamwana, za mbalame ziwiri zofuna kutera pamalo opanda kanthu. Ananena poyera kuti njira anailoza ndi iye, pa wailesi yomweyo. Anapempha omvera kuti asagule mwana wa mbalame kapena wa nyama iliyonse, ngakhale chifukwa cha chisoni, koma aziuza alonda. Pomaliza anati, "Chaka chino ndaonanso zinkhwe ziwiri. Zikadalipo."

Mafoni anayamba kulira. Mayi wina anati ali ndi chinkhwe chomwe mwamuna wake anagula, ndipo anafunsa komwe angakachipereke. Mphunzitsi wina anapempha kuti Herminia akayankhule ndi ana a sukulu yake. Kenako Nery analandira foni ina.

"Mayi wanga, mumalemba inu!" anatero mawu aulemu. "Zinkhwe za chaka chinozo, mwati munaziona chakuti?"

Herminia anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo: anali a Lencho. Nery anatambasula dzanja kuti adule foniyo, koma Herminia anamugwira mkono.

"Ndinaziona m'mwamba, bambo. Zinali kuuluka."

"Eya, koma chakuti?"

"M'mwamba momwemo."

Munthuyo sanadule foni. Kwa kanthawi, onse omvera anangomva kupuma kwake. Ndipo chapatali, m'kati mwa nyumba yomwe ankaimbirayo, munamveka kulira kwa kamwana ka mbalame kopempha chakudya. Kenako foni inaduka.

Phunziro: Kukonda chilengedwe n'kwabwino, ndipo kulemba za icho kumathandiza anthu kuchilemekeza. Koma polemba, poyankhula pa wailesi kapena potumiza zithunzi, tisaulule komwe nyama ndi mbalame zosowa zimaswera, chifukwa mawu akatuluka sasankha khutu. Malowo tiziuza oteteza nkhalango okha. Ndipo wina akatibweretsera mwana wa nyama yakutchire, tisagule ngakhale atimvetse chisoni, popeza wogula ndiye amatuma wakuba kuti abwererenso.