Zenera la Kukhitchini

"Gwirani apa, alamu, musaope, sizithimbirira," anatero Nachangu akusisita matailosi oyera apakhoma. "Mafuta akadonthera, kansalu kamodzi basi, mbee."

Alamu akewo, mchemwali wa amuna ake, anali atangotsika basi, chikwama chikadali paphewa, koma Nachangu sanawapatse ndi mpata wopuma womwe. Dzinali sanachite kubadwa nalo. Anamupatsa ndi anzake a kusaluni kwake, chifukwa mayiyu akaganiza chinthu m'mawa, pofika masana chimakhala chachitika kale, zofunsa pambuyo. Ndiye anawakoka alamuwo kuwaonetsa makabati, sinki yonyezimira, mpopi wa khosi lopindika, ndi thebulo la simenti lomwe linayenda khoma lonse la mbali ya kunyanja.

"Kuwerama kuja ndinasiya kalekale. Pano ndimatsuka mbale nditaima ngati munthu, maso ali panyanja. Taonani zeneralo. Lakale lija mukulikumbuka? Kamphako kowola ndi mchere, kofika m'mawondo."

Zeneralo linalidi lokongola, lotambalala ngati la kubanki. Alamu anagwedeza mutu, kenako anatembenukira kwa mchimwene wawo, amene anali pa mpando wa matayala pakati pa khitchini, bulangeti lili m'miyendo.

"Achimwene, akusungani bwino apa. Mwanenepa."

"Kunenepa kwa nkhuku ya m'khola," anayankha a Kaputeni akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

A Kaputeni anakalambira pamadzi. Ntchito yawo inali yotenga alendo pa boti kukawaonetsa anamgumi, zinyama zikuluzikulu zimene zimadutsa m'nyanja yamchereyo nyengo yozizira zili ndi ana awo. Padoko ankadziwika ndi khalidwe limodzi. Anzawo akaona namgumi ankakuwa ndi kuloza uku ndi uku, koma iwo ankangozimitsa injini, n'kukweza dzanja, kukamwa kuli chete. Kenako sitiroko inawagwetsa, mbali ya kumanzere n'kufa. Nyumba yawo inali pamtunda, masitepe ake osayamba, ndipo kuwatsitsa kunkafuna amuna awiri amphamvu. Atayesa kamodzi, a Kaputeni analumbira kuti sadzanyamulidwanso ngati thumba la simenti anthu akuona. Mazenera ena onse ankayang'ana mpanda wa aneba. Nyanja yawo yonse inatsalira pa zenera la kukhitchini.

Khitchiniyo Nachangu anaikonzetsa iwo ali m'chipatala, kuti potuluka adzapeze chowasangalatsa. Mmisiri atafunsa kuti zenera latsopano liyambire pati, iye anaima pamene padzakhale sinki, n'kuyang'ana kunyanja, n'kulemba mzere wa choko pakhoma molingana ndi chifuwa chake. Sizinamutengere ndi mphindi yomwe.

Ndipo zinkaoneka kuti zagwira. Chiyambireni kuzizira, tsiku lililonse akaweruka ankapeza nkhani. "Lero wadutsa mayi ndi mwana wake," ankatero a Kaputeni. "Kamwanako nkopulupudza, kumangomenya mchira." Mawa lake nkhani ina, yotalikirapo. Nachangu ankazitenga zonsezo kupita nazo kusaluni, kumauza aliyense amene wamugwira mutu kuti zenera lake lawabwezera amuna ake moyo. Ena mpaka ankabwera kudzaliona.

"Mayo ine, chija n'chiyani?" anatero alamu mwadzidzidzi, atagwira m'mphepete mwa sinki.

Kumanzere, pafupi ndi miyala ya kudoko, chinthu chakuda chachikulu ngati basi chinatumphuka m'madzi, n'kupotoloka, n'kugwa chagada. Madzi anathovoka mpaka m'mwamba.

"Ndi ameneyo, alamu, mwabwera ndi mwayi," anatero Nachangu akuwomba m'manja. "Abambo, mwamuona?"

"Ndamuona, ndamuona," anayankha a Kaputeni mofulumira. "Wamkulu ndithu ameneyo. Akulowera kumanja uko, kutali kwambiri."

"Kumanja kuti? Si uyu ali pamiyalayu? Maso akalamba awa."

Nachangu anaseka, maso ali pagalasi. Koma alamu sanaseke. Miyendo inali itatupa ndi ulendo, ndiye anakoka kampando kapulasitiki n'kukhala pambali pa mchimwene wawo, phewa ndi phewa, kuti atsate kumene chala chawo chinkaloza. Anayang'ana. Anatukula khosi. Anayang'ananso.

"Achimwene, inu mukuona chiyani apa?"

A Kaputeni anayamba kukonza bulangeti lomwe linali bwinobwino.

"Chifukwa ine ndikuona mpopi," anapitiriza alamu. "Mpopi ndi mitambo. Ndi mbalame ziwiri."

"Ndinu afupi inu alamu," anatero Nachangu, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Ufupi wanga ndi wa achimwene pampandopa n'chimodzimodzi. Bwerani mukhale."

Nachangu anapukuta manja omwe sanali onyowa, n'kukhala. Apa m'pamene anazindikira kuti chimangireni khitchiniyi anali asanakhalemo pansi. Ankaphika ataima, kudya ataima, kuthamangira kuntchito. Kutsogolo kwake kunali zitseko za makabati, pamwamba pake thebulo la simenti, kenako matailosi ake oyera aja, kenako mpopi. Kupitirira apo kunali thambo lokhalokha. Nyanja kunalibe ndi kadontho komwe.

Manyazi anamugwira kuyambira kumapazi. Anamva kutentha m'makutu. Anakumbukira azimayi onse amene anawaimika pa sinki yomweyo, iwo akuyamikira, amuna ake ali kumbuyo kwawo akuvomereza kuti eya, n'lokongola. Anakumbukira mmene ankawakankhira amuna akewo pamalo omwewo m'mawa uliwonse, kuwamangira mabuleki, kuwauza kuti akawapatsire moni anzawo a m'madziwo. Tsiku lonse munthu kuyang'ana mpopi. Analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe.

"Nanga mayi ndi mwana uja?" anafunsa osawayang'ana. "Wopulupudza uja?"

"Mbalame zimandiuza," anatero a Kaputeni pang'onopang'ono. "Zikaunjikana malo amodzi ndimadziwa kuti pansi pali china chake. Zinazo ndimangowonjezera."

"Nyengo yonseyi? Osanena bwanji?"

"Ndinene kuti chiyani, mayi? Umandisambitsa. Umanditembenuza pabedi. Umandimanga mabatani ngati mwana. Tsiku lija unandilowetsa muno utanditseka m'maso ndi manja ako, ukuseka, koyamba chigwereni ine. Ndiye ine nditsegule pakamwa n'kumati zenera lakwera?" Anapukusa mutu. "Ndinachita manyazi. Munthu wongolandira sasankha."

Mawu amenewo anamupweteka Nachangu kuposa kutukwanidwa. Akanamukalipira bwenzi atapeza poyankhira, pakuti pakamwa Nachangu sankagonja kwa munthu.

"Safunsa anadya phula," anatero alamu. Kenako, ataona nkhope ya mlamu wawo, anafewa. "Basi, zachitika. Bweretsani mapilo, tiwakweze."

Anatenga mapilo a pasofa ndi a kuchipinda. Anawagwira m'khwapa a Kaputeni, wina uku wina uku, n'kuwatukula, n'kulowetsa mapilowo pansi. Munthu anakwera ndithu, koma mbali yakufa ija inayamba kupendekera pang'onopang'ono, ndipo akanapanda alamu kutchinga ndi thupi, akanamenyetsa mutu pa firiji. Bulangeti linagwa, miyendo yawo yowonda n'kuonekera. A Kaputeni anatseka maso.

"Ndisiyeni," anatero. "Chotsani zimenezi. Anamgumi sathawa, chaka chamawa aliponso."

Azimayi awiriwo anayang'anana. Onse ankadziwa zimene adokotala ananena za chaka chamawa, kuti sangalonjeze kanthu.

"Anamgumiwo atsala ndi nthawi yaitali bwanji asanapite?" anafunsa Nachangu.

"Mphepo yayamba kale kufunda. Awa ndi otsalira. Mwezi uno ukatha ndiye kwatha," anayankha a Kaputeni.

Nachangu anatuluka panja ndi foni. Anaimbira mmisiri uja, yemwe atamva nkhaniyo anamuchenjeza.

"Mayi, kutsitsa zeneralo ndiye kuti thebulo ligumulidwe pakati, sinki isamuke, makabati awiri achoke. Matailosi aja sapulumuka. Ndipo a mtundu umenewo anatha m'sitolo, tidzachita kuphatikiza ena. Izioneka ya zigamba khitchini yanu."

"Izioneka ya zigamba," anavomera Nachangu. "Mubwere mawa."

"Feremu yatsopano ndi galasi sizingapezeke mawa."

"Bowo lingapezeke. Mubwere."

Mawa lake Nachangu sanapite kusaluni. Anatulutsa mbale zonse m'makabati n'kuziunjika pabalaza. Mmisiri anamasula sinki ndi mpopi, n'kuchotsa makabati awiri apakati, kenako anatulutsa choko m'thumba n'kumupatsa, monga anachitira poyamba paja.

"Liyambire pati, mayi?"

Chokocho chinamuwotcha m'manja. Anapita kuchipinda, n'kubwera akukankha mpando wa matayala mpaka mawondo a amuna ake atalowa pamene panali makabati. Anawafumbatitsa chokocho m'dzanja lamoyo.

"Lembani nokha."

"Aa, paliponse pali bwino."

"Abambo, paliponse ndi pamene panatifikitsa pano. Lembani."

A Kaputeni anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Kenako anawerama, n'kukoka mzere wokhotakhota m'munsi, pafupi ndi mawondo awo. Unali pamalo enieni pamene pankayambira kamphako kowola kaja.

Mmisiri atanyamula hamala, Nachangu anatambasula dzanja. Anasankha tailosi ya pakati, imene ankakonda kuisisita poonetsa alendo, n'kuimenya. Inalira ngati mbale yagwa. Anamenyanso kachiwiri, misozi ikutsika, kenako anabweza hamalayo kwa mwini wake n'kuwatulutsa a Kaputeni mufumbimo.

Phokoso silibisika. Posakhalitsa aneba, mayi amene ankamangitsa tsitsi kwa Nachangu ndipo nkhani sinkagona m'kamwa mwawo, anasuzumira pakhomo.

"Anzathu, mwayamba kugumula? Si khitchini ya dzana yomweyi? Kapena mmisiriyu anaba simenti?"

Mmisiri anaimitsa hamala m'mwamba, kudikira yankho. Likanakhala bodza losavuta, ndipo Nachangu analimva likufika pa lilime. Anadziwa kuti chimene anene apa pofika madzulo chikhala chitazungulira saluni yonse.

"Mmisiri alibe mlandu," anatero. "Ndine. Ndinayeza zenera nditaima, pomwe mwini wake amakhala pansi. Nyengo yonseyi amuna anga akhala akuyang'ana mpopi, ine ndikudzitama."

Aneba anangonena kuti asiya madzi pamoto.

Pofika masana, pakhoma panali chibowo chachikulu chopanda feremu, m'mphepete muli njerwa zosongoka. Thebulo la simenti linali litaduka pakati, nthambo zachitsulo zili pamtunda. Alamu anasesa zigumu n'kuwaza madzi kuti fumbi ligone. Mphepo inalowa yonunkhira mchere, n'kugwetsa kalendala pakhoma.

Nachangu anakankha mpando uja mpaka pabowopo, n'kumanga mabuleki, n'kuwafunditsa amuna ake jekete. Kenako anavundikira ndowa ya mmisiri pambali pawo n'kukhalapo. Nyanja inali apo, yonse, kuchokera kumiyala ya kudoko mpaka kumene imakumana ndi thambo.

Anadikira. Kunadutsa boti la asodzi. Kunadutsa mbalame. Madzi anangoti phee, opanda kalikonse. Nachangu anayamba kugwedeza mwendo, mantha atamugwira kuti mwina wa dzulo uja anali womaliza, kuti wagumula mochedwa.

"Mwina apita," anatero.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha a Kaputeni. "Iwe ndi kudekha munadana muli ana."

"Ndiye mwayamba kunditola, eti? Dzulo munalibe pakamwa." Anasendeza ndowa ija pafupi. "Komatu feremu ikabwera, ndikufuna muione kaye inu. Ndipo sinkiyo ndaganiza kuti ipite kukhoma ilo, kapena mwina pakona, chifukwa mapaipi..."

Sanamalize. A Kaputeni anali atakweza dzanja lawo lamoyo lija, chikhatho chili chotambasula, kukamwa kuli chete.

Nachangu anatseka pakamwa n'kuyang'ana kumene iwo ankayang'ana.