Mpweya wa Woyimbira Mpira

Nthawi inali itatsala pang'ono kutha pamene Ivan analandira mpira pakati pa kampu, bwalo la mpira, n'kudutsa anthu awiri, n'kuumenya ndi mwendo wamanzere. Mpira unagunda mtengo wam'mwamba wa golo, unatsikira pansi ndi kudzutsa fumbi, kenaka wapagolo wa ku Chidzolomondo anaugwera n'kuukumbatira.

Anthu a ku Ntengo-Wambalame, kwawo kwa Ivan, anakuwa kuti walowa. Alendo, omwe anabwera pa lole kuchokera ku Chidzolomondo ya ku Macanga ndipo ankatsogola ndi chigoli chimodzi, anakuwa kuti sunalowe. Onse anatembenukira kwa woyimbira.

Fabião Chimbalanga anali kutali, kuseri kwa mzere wapakati, dzanja lina litagwira m'nthiti. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wa zaumoyo pa postu, kachipatala ka pa Ntengo, amene ankazungulira midzi pa mota, njinga yamoto, kubaya ana katemera. Anali atayimbira mpira wa m'midzi zaka khumi ndi ziwiri popanda malipiro, ndipo ngakhale alendowo anavomera kuti ayimbire ndime yomaliza ya chikho cha maekipa, matimu a m'midzi, chifukwa ankadziwika kuti sakondera. Koma tsiku limenelo miyendo inamukana. Zimene anaona ndi fumbi ndi misana ya anthu basi. Anakweza manja kuti masewero apitirire, ndipo patangopita kanthawi anaimba apito, wezulo, yomaliza.

Ivan anafika akuthamanga. Anali mng'ono wake wa mkazi wa Fabião, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wogoletsa zigoli amene dera lonse linkamunyadira. Sanafunse kanthu. Anagwira mlamu wake pa malaya, anamugwedeza, n'kumukankha. Fabião anagwa chagada anthu onse akuona. Zitsononkho ndi makoko a nzimbe zinayamba kuuluka, ndipo amayi ena anayambitsa nyimbo yonena za mimba yake.

Iye anadzuka, anasasa fumbi, anatulutsa kartau wofiira m'thumba n'kumuonetsa Ivan. Kenaka anayenda pakati pa khamulo osathamanga mpaka pamene anasiya mota yake.

M'mawa mwake anakhala pakhonde ndi pepala ndi cholembera. Mkazi wake Rosita anabwera ndi lichero la nyemba n'kukhala pafupi.

"Abambo a Juliana, mukulemba chiyani?"

"Lipoti la dzulo. Likufunika ku Tsangano."

"Dzina la Ivan mulemba?"

"Ndilemba."

Rosita anasankha nyemba kwa kanthawi. "Chibale ndi fupa, sichiola. Mwanayu alibe china koma mpirawu ndi dimba la kachewere lija. Mungolemba kuti anthu anakuunjikirani, simunaone amene anakukankhani."

"Anthu mazana anamuona, mayi a Juliana. Ine ndekha ndikhale wosaona?"

"Chigoli chija simunachione. Apa ndiye maso atseguka?"

Fabião anaseka, ngakhale mawuwo anamulasa. "Zimenezonso ndilemba," anatero.

Msonkhano unachitika patapita masabata awiri, m'chipinda china cha ku eskola, sukulu ya ku Tsangano. Anatsogolera ndi Dona Helena, mphunzitsi wa masewero amene ankayendetsa chikhocho. Kunabwera atsogoleri a maekipa, Ivan ndi mphunzitsi wa ekipa yake a Domingos, komanso oyimbira ena awiri. Oyimbirawo anali atanena kale kuti Ivan akapanda kuchotsedwa mu mpira kwa moyo wake wonse, iwo asiya. Popanda iwo chikhocho chikanathera pomwepo.

Fabião anaimirira n'kuwerenga pepala lake. Ananena mmene Ivan anamugwirira ndi kumugwetsa. Kenaka anapitiriza kuti pamene mpira unagunda mtengo, iye anali kutali kwambiri chifukwa mpweya unamuthera, ndipo sangalumbire ngati unalowa kapena ayi.

"Zimenezo si zonena pagulu, akulu," anatero a Leonel, mmodzi wa oyimbira aja. "Mukuwapatsa ndodo yotikwapulira."

"Ndodo ali nayo kale, a Leonel. Amationa tikuyimbira tili chiimire ngati tikudikira minibasi ya shapa pamsewu. Ine sindikuti mnyamatayu asalangidwe. Woyimbira alakwe, asalakwe, sagwiridwa. Tikalola kamodzi, mawa adzatuluka ndi mpeni. Koma nafenso tiziyesedwa. Chikho chisanayambe, woyimbira aliyense athamange pamaso pa Dona Helena. Wolephera agwire mbendera m'mbali. Ndikalephera ine, ndiyambe ndine."

Anakangana mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza Dona Helena anagamula. Ivan akhala kunja masewero asanu ndi limodzi oyambirira, ndipo pa tsiku lotsegulira adzapepesa kwa oyimbira pakati pa kampu, anthu akumva. Ayenera kubwera yekha kudzanena kuti wavomera mwezi wa Marichi usanathe. Akapanda kutero, sadzaseweranso chaka chonse. Za kuthamanga kwa oyimbira anazivomeranso.

Ivan anatuluka osatsanzika. Panjira anauza a Domingos kuti sangapepese kwa munthu amene anamubera chigoli. Kunyumba kwa mlongo wake anasiya kupondako.

Mvula inagwa, mpira unaima, ndipo anthu analowa m'minda. Udzu unamera pa kampu mpaka mbuzi zinapeza podyera. Koma a Domingos, mlimi wa nyemba amene anasewerapo mpira ku Ulongwe ali mnyamata, sankalola ekipa yawo kugona. Katatu pa sabata, kukangocha, anyamata ankakumana pa kampu, n'kuthamanga kukwera phiri la kuseri kwa msika mpaka pa mwala waukulu wa pamwamba, n'kubwerera, asanapite kukapalira.

Lolemba lina la mu Disembala anapeza Fabião atafika kale, atavala kabudula ndi nsapato zakale zoyimbirira. Anyamata anayang'anana.

"Kodi lero kuli katemera?" anafunsa mnyamata wina, ndipo anzake anaseka chamumtima.

"Ndabwera kudzathamanga, ngati a Domingos andilola."

A Domingos anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukudziwa kuti anyamatawa akadali ndi chifukwa nanu?"

"Ndikudziwa. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndekha ndayesa, ndimangofika pa chigayo n'kubwerera."

"Pano palibe bwana wa ku postu. Wotsalira amanyamula zigubu za madzi."

"Ndinyamula."

Tsiku loyambalo sanafike ngakhale theka la phiri. Anakhala pa chulu, mtima ukugunda ngati ng'oma, malovu akuwawa. Anyamata anamudutsa potsika.

"Imbani apito, phiri liime," anatero wina.

"Lipatseni kartau wofiira," anawonjezera mnzake.

Fabião anakweza dzanja, mawu osatuluka. Ivan anadutsa maso ali kutsogolo. Atafika pansi, Fabião anatola zigubu zonse n'kukazisiya kwa a Domingos.

Lachitatu anabweranso. Lachisanu mvula inali ikuwaza, anyamata anayi sanabwere, koma iye anabwera. Kunyumba Rosita ankamuthowa mawondo ndi madzi otentha uku akung'ung'udza kuti munthu wamkulu, wa ana atatu, akudzichititsa manyazi pamaso pa ana a anzake. Iye ankangoti, "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha." Anachepetsa mowa wa Loweruka, ndipo midzi yapafupi anayamba kupitako wapansi, bokosi la katemera lili paphewa.

Mu Januwale anafika pa mwala kwa nthawi yoyamba, anzake atatsika kale. Mu Febuluwale anasiya kunyamula zigubu, chifukwa anayamba kupitirira wapagolo wa ekipayo, mnyamata wonenepa dzina lake Afonso. A Domingos sanaulekerere mwayi umenewo.

"Afonso, wapitiridwa ndi bambo wa imvi. Ukafika kwanu ukauze amako kuti akuchepetsere mbale."

Anyamata anayamba kumufunsa za malamulo akamapuma pa mwala. Wina ankafuna kudziwa chifukwa chake mpira wogunda dzanja nthawi zina suyimbidwa. Fabião ankafotokoza ndi timiyala pansi, ndipo zinaoneka kuti ambiri a iwo anasewera zaka zambiri osamvapo malamulowo kuchokera kwa munthu wowadziwa. Ivan ankakhala patali, akumanga ndi kumasula zingwe za nsapato, koma sankachoka.

Marichi anafika, chimanga chinayamba kukhwima, ndipo Ivan anali asanapite ku Tsangano. A Domingos analankhula naye kawiri osaphula kanthu. Rosita anatuma mawu kudzera kwa amayi awo, yankho silinabwere.

M'mawa wina, kutatsala sabata imodzi kuti mwezi uthe, Fabião anali kukwera phiri mwa kachitidwe kake, pang'onopang'ono koma osaima. Anamva mapazi pambali pake. Anali Ivan, amene nthawi zonse ankatsogola. Anathamanga limodzi kwa kanthawi.

"Alamu, mpira uja unalowa."

"Mwina unalowa."

"Ndinali pafupi. Unadutsa mzere ndi chikhatho chonse."

"Ndikukukhulupirira. Ine sindinauone, ndipo chimene sindinachione sindingachiyimbire."

"Nanga bwanji simunanene pomwepo kuti simunaone?"

"Unandifunsa ndi pakamwa kapena ndi manja?"

Ivan anadumpha ngalande ya madzi, Fabião anaizungulira.

"Anthu adzandiseka," anatero Ivan patapita nthawi. "Kuima pakati pa kampu ngati mwana wakuba mango."

"Adzaseka. Ine andiseka miyezi itatu pa phiri lino, ndipo iwe unalipo. Ndafa?"

"Inu ndi zina."

"Ndi zomwezo. Ndinalakwa ndi miyendo, ndikulipira ndi miyendo. Iwe unalakwa pamaso pa anthu. Ndipo usaganize kuti ukupepesa kwa ine. Kwa ine ndiwe mlamu wanga, tikhoza kuthana pakhonde. Koma a Leonel akasiya, ine n'kukalamba, adzaimirire pakati ndani? Ukuganiza kuti alipo mwa anzakowa amene angafune apito ataona zimene zinandichitikira?"

Anafika pa mwala onse awiri pamodzi, anthu ena atakhala kale. A Domingos anayang'ana wotchi yawo, n'kuyang'ana Fabião.

"Mukathamanga chonchi kwa Dona Helena, mbendera agwira ena," anatero.

Potsika Ivan anatsogola monga mwa masiku onse. Koma Fabião atafika pa kampu anamupeza akudikira pa mtengo wa golo, anzake atabalalika kupita kuminda.

"Alamu, ku Tsangano mupita liti?"

"Lachinayi. Ndikukatenga katemera."

Ivan anakanda pansi ndi nsonga ya nsapato. "Pa mota pamakhala malo?"

"Bokosi ndimamanga kumbuyo. Ukhoza kulinyamula pamiyendo pobwerera."

"Dona Helena amapezeka nthawi yanji?"

"Akaweruka ku eskola, masana. Ndidzakusiya pachipata, ulowe wekha."

Ivan anagwedeza mutu. Anatola khasu lake limene analisiya mu udzu, n'kuliika paphewa.

"Mukawauze achemwali kuti ndibwera Lachitatu. Ndakumba kachewere woyamba."

"Ukabwera ubwere ndi wokwanira," anatero Fabião. "Masiku ano ndikudya ngati wosewera."

Ivan anamwetulira pang'ono, n'kulowera njira ya kudimba. Fabião anakhala pansi, anavula nsapato, anakhuthula matope, n'kunyamuka kukakonzekera ntchito.